Khutu la M'mgodi: Mbiri ya Kumvetsera Injini m'Matauni a ku Midlands

M'magalaji a ku Zvishavane, ku Shurugwi ndi ku Kwekwe mumamveka mawu omwe amamvekanso ku Ndirande, ku Chipata ndi ku Tete: "injini yanoka." Liwu la Chingerezi limene tinabwereka pamenepa limanena za kugogoda, phokoso limene injini imachita ikadali moyo, pamene mwini wake akadali ndi mpata woipulumutsa. Koma litafika pakamwa pathu, liwuli linasanduka uthenga wa maliro. Munthu akati injini yake yanoka, aliyense amadziwa kuti galimoto yaima, ndipo chotsala n'kutsitsa injini yonse. Chenjezo linasanduka dzina la imfa imene linkachenjeza. Kusuntha kwa tanthauzo kotereku kumachitika pakati pa anthu amene amamva kugogodako tsiku ndi tsiku, koma kawirikawiri amafika kwa makaniko zinthu zitaipa kale. Funso la m'nkhani ino ndi lakuti: kodi khutu lodziwa kumva makina linachokera kuti pakati pa abale athu a m'matauni a migodi a ku Zimbabwe, nanga n'chifukwa chiyani khutu lakuthwa chotere limakhala pamodzi ndi chizolowezi chochedwetsa sevisi?

Ulendo wa ku migodi

Chigawo cha Midlands chinakula chifukwa cha miyala. Ku Kwekwe, kumene kale kunkatchedwa Que Que, mgodi wa golide wa Globe and Phoenix unayamba m'zaka za m'ma 1890. Ku Shurugwi, kapena kuti Selukwe, kunali golide, kenaka kromu. Ku Zvishavane, komwe makolo athu ankakudziwa ndi dzina la Shabani, kunali asibesitosi, ndipo njanji inafikako mu 1928. Ku Redcliff kunamangidwa ng'anjo zazikulu zosungunulira chitsulo m'zaka za m'ma 1940. Ntchito zonsezi zinkafuna manja ambiri, ndipo eni nthaka a Chishona ndi a Chindebele, pokhala anali ndi minda ndi ziweto pafupi, sankakhalitsa pa ntchito ya malipiro ochepa. Eni migodi anayang'ana kumpoto.

Mu 1903 kunakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, limene antchito ankalitcha chibalo. Charles van Onselen analemba buku lonse pa nkhaniyi, lotchedwa Chibaro, limene linatuluka mu 1976. Ambiri ochokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete ankalizemba bungweli n'kumayenda okha pansi, kuwoloka Zambezi, kugwira ganyu m'mafamu a m'njira mpaka kukafika ku mgodi umene anaumvera mbiri. Mu 1935, komiti ya Lacey inapeza kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko lawo. M'zaka zomwezo boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole onyamula anthu opita kukafuna ntchito popanda kulipira, ndipo malolewo anapatsidwa dzina la m'chinenero chathu: Ulere. Nkhondo yachiwiri itatha kunabwera Mthandizi. Choncho kwa agogo ambiri, injini yoyamba imene anaimva kwa maola ochuluka inali ya lole yowachotsa kwawo. Ena anabwerera ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwerere, ndipo kumudzi anatchedwa matchona. Ana ndi zidzukulu zawo ndiwo akusunga Chinyanja m'makomboni a ku Midlands, pamodzi ndi gule wamkulu, amene anansi awo amamutcha zvigure.

Sukulu ya pansi pa nthaka

Mu mgodi maso amathandiza pang'ono. Nyali imaunika pafupi pokha, ndipo mwala umene uli pafupi kugwa umaoneka chimodzimodzi ndi mwala wolimba. N'chifukwa chake akaphulitsa miyala, munthu amatsogola ndi chitsulo chachitali, n'kumagogoda denga. Mwala wolimba umayankha ndi liwu lowala, loti ngwee. Mwala umene walekana ndi unzake umalira ngati ng'oma yoboola, kuti bubu, ndipo umayenera kugwetsedwa anthu asanalowe. Moyo wa gulu lonse unkadalira khutu la munthu mmodzi. Matabwa ochirikiza denga nawo amayamba kulira asanathyoke, ndipo wantchito wozolowera ankadziwa nthawi yoti aponye fosholo n'kuthawa.

Kunja kwa mgodi wa golide kunali chigayo cha misi, makina osinja miyala ndi misi yachitsulo yolemera kwambiri, kawirikawiri isanuisanu pa mtondo umodzi. Mtanda wozungulira wokhala ndi zala zokhota umanyamula musi uliwonse n'kuusiya kuti ugwe, ndipo misiyo imagwa motsatana mwa dongosolo lake. Woyang'anira chigayo ankadziwa kayimbidwe kameneka monga wovina amadziwira ng'oma. Musi umodzi ukagunda chitsulo chopanda mwala, kapena ukaphonya nthawi yake, iye ankamva ali patali. Chochititsa chidwi n'chakuti chigoba chimene chala chokhota chimakola pa musi chimatchedwa tapeti, ndipo mtandawo ndi kamushafuti: mayina omwewo amene makaniko wa lero amatchula akatsegula chivundikiro cha injini. Abale a ku Tete asaseke poganiza za mkeka wa pansi umene Apwitikizi amautcha dzina lofanana nalo. Zigayo zazing'ono za mtundu umenewu zikusinjabe miyala ya okumba golide ku Midlands mpaka lero.

Panalinso mapampu opopa madzi, makina opopera mpweya, ndi zikepe zotsitsa anthu. Wodzoza girisi ndi wothira oyilo ankakhala ndi makina amodzi kwa zaka, akuwagwira ndi dzanja kuti amve kutentha, akuwamvetsera usiku wonse. Anthu ochokera ku Nyasaland, ambiri mwa iwo atadutsa m'sukulu za mishoni, ankakhalitsa pa mgodi umodzi chifukwa kwawo kunali kutali, ndipo kukhalitsako kunkawayandikiza ku ntchito zoterezi.

Luso lopanda pepala

Khutu likanatha kusanduka satifiketi, koma lamulo linatseka khomo. Lamulo la Industrial Conciliation Act la mu 1934 silinawerenge munthu wakuda ngati wantchito pa nkhani za malipiro ndi maphunziro a luso, motero ntchito za umisiri zinasungidwira azungu. Lamuloli linasinthidwa mu 1959, koma chizolowezi chinakhalitsa kuposa lamulo. Wakuda wa mu wekishopu anali wopatsira sipanala. Ankatsuka zitsulo, kugwira nyali, kumanga ndi kumasula, ndipo nthawi zambiri ankagwira ntchito yonse pamene wosaina anali wina. Buku la malangizo ndi zipangizo zoyezera zinali m'manja mwa mmisiri wa pepala. Chotsalira wopatsira sipanala chinali khutu, chala ndi mphuno.

Chinenero cha pa ntchito chinali Chilapalapa, chinenero cha malamulo afupiafupi: bweretsa, nyamula, fulumira, basopa. Chinalibe malo a kufotokoza kusiyana kwa maphokoso awiri ofanana. Kufotokoza kotero kunkachitika m'zinenero za anthu eni, madzulo mu komboni kapena pansi pa mtengo Lamlungu, pamene wina akukonza njinga yamoto kapena lole yakale. Ufulu utabwera mu 1980, boma latsopano linatsegula mayeso a luso, n'kuika amisiri m'magulu anayi, ndipo anthu amene anagwira sipanala kwa zaka makumi awiri analandira pepala koyamba.

Zaka za zilango

Pa 11 Novembala 1965, boma la Ian Smith linalengeza ufulu wa azungu popanda chilolezo cha Britain. Zilango za malonda zinatsatira. Mafuta odzera ku Beira anatsekedwa, fakitale yoyenga mafuta ya Feruka inaima mu 1966, ndipo petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi. Mafakitale a ku Willowvale ndi ku Umtali, amene ankalumikiza magalimoto a Ford ndi BMC, anatembenukira ku magalimoto a ku France, Italy, Germany ndi Japan, obwera m'zidutswa kudzera m'njira zokhotakhota. Migodi ya ku Midlands inapitirizabe. Kromu wa ku Selukwe anali wofunika kwambiri moti mu 1971 dziko la United States linadzipatsa chilolezo chomugula ngakhale panali zilango, mpaka mu 1977. Asibesitosi wa ku Shabani, mgodi wa kampani ya Turner & Newall, ankalowa m'mabuleki, m'makilatchi ndi m'magasiketi a magalimoto a m'mayiko ambiri, pamene munthu womukumba analibe galimoto, ndipo fumbi lake linkamukhala m'mapapo.

Masipeya anasowa, ndipo kusowako kunakulitsa luso. Kirankishafuti yodyeka inkapalidwa n'kuikidwa maberingi onenepa. Gasiketi inkadulidwa pa pepala lolimba. Kusowaku sikunathe ndi nkhondo, pakuti m'zaka za m'ma 1980 ndalama zakunja zinkagawidwa ndi boma, ndipo wofuna galimoto yatsopano ankadikira zaka. Mfumu ya nthawi imeneyo inali Peugeot 404, imene ku France inayamba kupangidwa mu 1960. Injini yake inali yosavuta: kabuleta, mapulagi anayi, masilinda otheka kusolola n'kuika ena, ndi matapeti okonzedwa ndi sipanala ndi kachitsulo kopyapyala koyezera mpata. Magalimoto amenewa ndiwo anali matakisi odzaza anthu m'mizinda mpaka pamene boma linalola makombi mu 1993. Galimoto yotere inkakhululuka. Ukachedwa nayo, inkadandaula mokweza kwa miyezi, ndipo makaniko ankaibweza m'njira.

Zimene khutu limasiyanitsa

Luso limeneli lili ndi maziko ake m'kapangidwe ka injini, ndipo wophunzira aliyense angalitsatire. Chida choyamba ndi sukuludiraiva yaitali: nsonga pa chitsulo, chigwiriro pa khutu, kutali ndi malamba ozungulira. Kenaka pamabwera mafunso atatu. Phokoso likuchokera kumwamba kapena kunsi? Likumveka injini ili yozizira kapena itatentha? Likukula galimoto ikamakoka katundu kapena ikangoima?

Kamushafuti imazungulira kamodzi pamene kirankishafuti yazungulira kawiri. N'chifukwa chake phokoso la matapeti, loti tchetchetche, lopepuka ngati makina osokera, limamveka pamwamba ndipo limayenda pa theka la liwiro la injini. Limanena za mpata wa mavavu umene wakula, kapena oyilo amene sakufika kumutu. Phokoso la beringi ya konirodi ndi lina: khokhokho, louma, lochokera kunsi, lokula munthu akaponda mafuta n'kusiya mwadzidzidzi. Amisiri akale ankazula waya wa pulagi imodziimodzi, ndipo silinda imene kuzula kwake kwachepetsa kugogoda ndiyo inali ndi mlandu. Maberingi aakulu ogwira kirankishafuti amalira mozama, kuti gudugudu, makamaka pokoka, ndipo nyali ya oyilo imaphethira injini ikatentha. Pisitoni yolobodoka imawomba khoma la silinda m'mawa n'kukhala chete ikafunda, ndipo galimoto yotere ingayendebe nthawi yaitali. Lamba wa fani amati tswii. Pampu ya madzi yotha imakukuta n'kumadontha. Tcheni yotakasuka imachita wayawaya kwa kamphindi poliza injini m'mawa.

Pali phokoso lina lomwe limadziwika bwino kwa aliyense wokwera Boterekwa, msewu wokhotakhota wa pa phiri pochokera ku Zvishavane kulowa mu Shurugwi. Galimoto yodzaza ikakwera ndi giya yaikulu, mumamveka ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini: ngerengere. Kumeneko ndi kuphulika kwa mafuta kosatsata dongosolo, kobwera ndi kutentha, mwaye wa m'silinda, moto wofulumira kapena petulo wofooka. Kukapitirira kumaboola pisitoni. Utsi nawo umachitira umboni: wobiriwira ngati mtambo ndi oyilo amene akupsa, wakuda ndi mafuta ochuluka, woyera wosatha ndi madzi amene alowa m'silinda chifukwa gasiketi yapsa.

Migodi itazima

Chiyambire 1991, ndondomeko ya ESAP inatsegula malonda n'kuchepetsa ntchito. Mafuta anayamba kusowa chakumapeto kwa 1999. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira m'makomboni kwa makolo a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique anapezeka akutchedwa alendo m'dziko lokhalo limene ankalidziwa. Migodi ya Shabanie ndi Mashaba, imene Mutumwa Mawere anagula mu 1996, inalandidwa n'kuikidwa m'manja mwa woyang'anira wa boma mu 2004, ndipo patapita zaka zochepa ntchito inaima, madzi n'kudzaza m'migodi. Ziscosteel ya ku Redcliff inazima mu 2008, chaka chomwe kukwera kwa mitengo kunafika pa 231 miliyoni peresenti m'mwezi wa Julaye malinga ndi chiwerengero cha boma. Penshoni za anthu amene anagwira ntchito moyo wawo wonse zinasungunuka.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lachiwiri lija. Mgodi unkasunga makina ake ndi kalendala: maola akakwana, oyilo ankasinthidwa, kaya makina akulira bwino kaya ayi, chifukwa panali sitolo ya masipeya ndi ndalama zoikidwiratu. Mgodi utagwa, kalendala inapita ndi kampani, ndipo anthu anatsala ndi khutu lokha. Mbadwa ya Chishona yochotsedwa ntchito inali ndi mudzi wobwererako. Mdzukulu wa mtchona analibe munda, ndipo galimoto ndiyo inasanduka munda wake. Ndalama ya tsiku ikagawidwa pakati pa ufa, lendi, fizi ndi mafuta, oyilo ndi amene amadikira, chifukwa galimoto yosasinthidwa oyilo imalirabe mawa lake, pamene mwana wosadya sagona.

Dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, magalimoto akale a ku Japan anasefukira kudzera ku Beitbridge ndi m'zipata zina. Ku Japan galimoto imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wa mayesowo umachititsa eni ake kuitaya msanga. Migodi yatsopano ya pulatinamu, Mimosa pafupi ndi Zvishavane ndi Unki pafupi ndi Shurugwi, pamodzi ndi okumba golide pawokha, inabweretsa okwera ambiri, ndipo Honda Fit ndi Toyota Wish zinasanduka mishikashika. Mu 2013 boma linalamula kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol. Mu 2021 linaika chiletso pa kuitanitsa magalimoto opitirira zaka khumi popanda chilolezo chapadera, zomwe zikutanthauza kuti amene analowa kale ayenera kukalamba m'manja mwa eni ake.

Vuto n'lakuti injini zatsopanozi sizikhululuka ngati 404, ndipo zina mwa zofooka zake zilibe mawu. Lamba wa taimingi, pa injini zimene zili naye, amasinthidwa pafupifupi pa makilomita 100,000, ndipo amatha kuduka osachenjeza, mapisitoni n'kukumana ndi mavavu. Oyilo wokhalitsa amasanduka phala lakuda lotseka timabowo topyapyala, makamaka m'misewu ya fumbi, ndipo khutu likamamva kugogoda, beringi imakhala itadyeka kale. Honda Fit yoyamba ya malita 1.3 ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse, ndipo anayi a kumbuyo amaiwalika kawirikawiri. Giyabokosi yake imafuna mafuta akeake. Chiwerengero cha makilomita pa galimoto yogulidwa kwa wina chingakhale chobwezedwa m'mbuyo, choncho wanzeru amayamba ndi kusintha oyilo, sefa zonse, mapulagi ndi lamba, n'kulemba tsiku ndi makilomita m'kope. Kompyuta yolumikiza pansi pa chiwongolero imawerenga zimene masensa aona, koma beringi yodyeka siyidziwa. Makaniko wa lero akufunika zonse zitatu: kope, kompyuta ndi khutu. Akuluakulu anati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma pa injini za masiku ano nkhwangwa ina imafika isanamveke.

Chuma cha mvekero

Mawu ngati khokhokho, tchetchetche ndi gudugudu aphunzitsi a Chichewa amawatcha mvekero, ndipo a Chishona amati nyaudzosingwi. Clement Doke, yemwe mu 1931 analemba lipoti logwirizanitsa kalembedwe ka Chishona, ndiye anakhazikitsa dzina lake m'maphunziro a zinenero za Chibantu mu 1935. Ambiri amaona mvekero ngati zokometsera nthano, koma mu galaji amagwira ntchito ya chida choyezera. Taonani dongosolo lake. Mavawelo a i ndi e amapita ku maphokoso opyapyala a kumwamba kwa injini, pamene o ndi u amapita ku maphokoso olemera a kunsi. Makonsonanti a mpweya ngati kh ndi tch amanena za kugunda kouma kwa chitsulo pa chitsulo, pamene g ndi d amanena za kugunda kozama. Kubwereza liwu kumaonetsa liwiro, ndipo kulikoka kumaonetsa kulira kosadukiza. Mayi amene sadziwa dzina la chitsulo chilichonse akaimba foni n'kunena kuti galimoto ikuti khokhokho kunsi akaponda mafuta, makaniko wodziwa ntchito amamuuza kuti azimitse pomwepo. Liwu limodzi lobwereka lija, kunoka, limameza maphokoso onsewa n'kuwasandutsa chinthu chimodzi.

Tionenso mmene timalankhulira za galimoto. Imadwala, imatsokomola, imabuula, imawefuka pa chitunda, imamwa oyilo, imafa, ndipo ikafa imadzutsidwa. Makaniko amafunsa monga amafunsira sing'anga: yayamba liti, imatero nthawi yanji, mwaimwetsa chiyani? Ngakhale dzina lake limaonetsa njira zimene tinayenda. Ku Malawi timati galimoto, liwu lobwera kudzera ku Chiswahili. Ku Lusaka amati motoka, ndipo m'makomboni a ku Midlands mumamveka motokari kapena mota, monga anenera anansi. Yotheratu kwathu ndi chiphapha, kumwera ndi sikorokoro.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo kwa makolo a m'mayiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Ulemu wa pa pepala umenewu unafika pa nthawi imene makomboni, omwe ankasunga chinenerochi, anali atayamba kubalalika. Achinyamata ambiri amachimva koma amayankha m'Chishona, ndipo mawu a ntchito ndiwo amayamba kutayika, chifukwa palibe amawalemba. Mabuku athu otanthauzira mawu ali ndi mayina a misampha, a mitundu ya nsomba ndi a zida za kumunda, koma mawu a mu wekishopu, amene anthu athu akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zoposa zana, ndi ochepa kwambiri m'menemo. Amisiri amene anaphunzira pa mapampu a ku Shabani ndi pa ng'anjo za ku Redcliff akalamba. Amene muli ndi agogo kapena amalume oterewa, kaya ku Maglas, ku Torwood, ku Mbizo kapena ku Makusha, khalani nawo pafupi ndi injini yolira, muwafunse kuti ikuti chiyani, ndipo mulembe liwu lililonse monga momwe alitchulira, pamodzi ndi chitsulo chimene likuloza. A ku Kitwe, a ku Moatize ndi a ku Blantyre achite chimodzimodzi, kuti tidzaike mawuwo pamodzi n'kuona pamene akufanana ndi pamene asiyana.